Usauze Munthu

Saluni ya Sisi inali ya chipinda chimodzi, pakati pa shopu yokonza mafoni ndi malo otsukira magalimoto. M'katimo munali mipando itatu, kalilole wamkulu wong'aluka pakona, chowumitsira tsitsi chimene chinkafuna kuchimenya kaye mbama kuti chiyambe kulira, ndi kagome ka mnzake wokonza zikhadabo, amene aliyense ankangomutchula kuti Wazikhadabo. Wailesi inkakhala pa shelefu, pakati pa mabotolo a mafuta, ndipo inkazimitsidwa pokhapokha magetsi akathima.

Dzina loti Sisi ankamuitana nalo aliyense, ngakhale amayi omuposa msinkhu. Anali ndi mawu okhuthala, osasa pang'ono ngati a munthu amene wangodzuka kumene. Makasitomala ankati amamudziwa asanalowe, akangomva kuseka kwake ali kumsewu.

Sisi anali ndi mlongo wake mmodzi, wamng'ono, amene anamulera yekha makolo awo atamwalira. Mwanayo ankamenya chilichonse chimene chinali pafupi, zidebe, mapoto, ngakhale chitseko, mpaka Sisi ankakuwa kuti, "Iwe chigayo iwe, tatseka, mutu ukundipweteka!" Dzinalo linamukanirira. Atakula n'kuyamba kupanga nyimbo pa kompyuta, zopanda gitala, zopanda ng'oma yogwirika ndi manja, analitenga dzinalo kukhala loimbira. Kwa zaka zambiri nyimbo za Chigayo ankazimvera ndi anzake okhaokha. Sisi ankaziika mu saluni makasitomala akachepa, osati chifukwa ankazimvetsa, koma chifukwa zinali za mwana wake.

Lachisanu lina m'mawa Chigayo anatumiza uthenga pa foni: "Achemwali, masana ano mutsegule wailesi, pa pulogalamu ya nyimbo zatsopano. Yanga ilipo."

Sisi anauza aliyense amene analowa tsiku limenelo. Nthawi itakwana anakweza wailesi, n'kulamula kuti chowumitsira tsitsi chizimitsidwe. Ankamanga tsitsi la mayi wina wogwira ntchito ku banki, kasitomala wakale, wodziwika ndi pakamwa posatseka.

Muulutsi anatchula nyimbo ziwiri zitatu za anthu ena, kenaka anati, "Iyi ndiye yatentha m'manja. Mnyamata wakhala akubisala uyu, Chigayo. Mutu wake akuti *Usauze Munthu*."

"Ndi ameneyo!" anatero Sisi, akumwetulira pa kalilole.

Kunayamba kugunda kolemera, kochedwa, konjenjemeretsa mabotolo pa shelefu. Kenaka kunamveka mawu a mayi. Sankaimba ayi, ankalankhula, ndipo mawuwo anali oduladula kuti agwirizane ndi kugundako.

"Wachoka. Wachoka. Wa-wa-wachoka."

Panamveka munthu akukoka mpweya ngati wotopa ndi kulira.

"Akuti nyumba yazizira. Usauze munthu, wamva? Usauze munthu."

Zala za Sisi zinaima m'tsitsi. Mayi wa ku banki anali atayamba kale kugwedeza mapewa pampando. "Eee, koma mlongo wanuyu! Iyi ndiye ivuta mtauni muno!" Wazikhadabo sanagwedezeke. Anadzutsa mutu pa dzanja limene ankapaka, n'kumuyang'ana Sisi kudzera pa kalilole, kenaka n'kuweramanso.

Anali mawu ake. Ankadziwa ngakhale malo amene anawalankhulira: pansi m'bafa, atatsamira chitseko, chaka chathachi nthawi ya mvula. M'mawa wa tsiku limenelo mwamuna wake, amene ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, analongedza zovala m'chikwama. Kuchipatala anali atawauza kuti za mwana zivuta, ndipo vuto linali kwa Sisi. Mwamunayo anati nyumba yopanda mwana imazizira, n'kupita kwa mkazi wina. Sisi sanauze aliyense. Oyandikana nawo anawauza kuti bambo apita kukaphunzitsa kutali. Ku saluni ankafika atadzola bwinobwino. Chigayo yekha ndiye anamva kulira kwake, kudzera mu uthenga wa mawu umene anaujambula ali pansi m'bafamo. Chigayo anabwera tsiku lomwelo, anakhala naye, anamukonzera chogwirira cha chitseko chimene mwamunayo anathyola potuluka, ndipo sanafunse zambiri. Patapita milungu ingapo mwamunayo anabwerera, anapepesa atagwada, ndipo nkhaniyo anaikwirira.

"Sisi, mwandikokatu," anadandaula mayi wa ku banki.

"Pepani," anatero Sisi. Anamaliza mzere umene anayamba, n'kupita kuseri kukasamba m'manja ngakhale munalibe chilichonse.

Foni inalira madzulo amenewo, dzina la Chigayo likuwala. Sanayankhe. Inaliranso m'mawa mwake. Sanayankhenso. Mumtima ankadziuza kuti nyimbo za mwanayu sizipita patali, kuti iyinso ingolira kawiri katatu n'kuiwalika.

Sinaiwalike. Anyamata otsuka magalimoto pafupi ndi saluniyo ankaiika kuyambira m'mawa, sipika ili panja. Inkalira m'maminibasi, m'mashopu, m'mafoni a ana a sukulu. Achinyamata anayamba kujambula timavidiyo tanthabwala: wina akutsegula firiji mozemba, wina akuvala nsapato za mkulu wake, kenaka n'kuika chala pamlomo nthawi imene mawu aja akuti usauze munthu. Tsiku lina kondakitala anamubwezera mayi wina chenje chochuluka, n'kunena moseka kuti, "Usauze munthu, wamva?" Minibasi yonse inafa ndi phwete. Sisi anali pampando wakumbuyo, akuyang'ana pawindo.

Kunyumba mwamuna wake sananene kanthu, ndipo Sisi anathokoza mumtima kuti bamboyo samvera nyimbo za ana. Ankada nkhawa ndi tsiku limene adzaimve. Ankakonzekera zomuuza, mmene adzapepesere kuti nkhani ya m'nyumba mwawo inatuluka kudzera pakamwa pake.

Mayi wa ku banki anabweranso kudzamasula tsitsi. Atakhala pampando, nyimbo ija inayamba panja kwa otsuka magalimoto. Mayiyo anapendeketsa mutu, n'kumvetsera ngati akulawa mchere m'ndiwo.

"Mukudziwa, Sisi, ku ofesi takhala tikukangana. Ine ndikuti mawu awa ndikuwadziwa. Kusasa kumeneku n'kwa munthu mmodzi yekha."

"Anthu amafanana mawu," anatero Wazikhadabo mwachangu.

"Amafanana, inde." Mayiyo anatsitsa mawu, koma osati mokwanira kuti amayi awiri amene ankadikira pabenchi asamve. "Ndiye bambowo anabwerera? Paja chaka chatha munati apita kukaphunzitsa kutali."

Sisi anamasula tsitsilo mpaka kumapeto, analitsuka, n'kuliwumitsa. Mayiyo atatuluka, anavula epuloni, n'kuuza Wazikhadabo kuti atseke yekha.

Situdiyo ya Chigayo inali kachipinda kuseri kwa shopu yogulitsa misomali ndi penti. Makoma anawamata ndi zidutswa za matiresi ndi mathileyi a mazira kuti phokoso lisatuluke. Munkanunkha thukuta ndi guluu. Sisi anakankha chitseko osagogoda. Chigayo anali pa kompyuta, mahedifoni ali m'khosi, ndipo pakona panaima mnyamata wina wamtali akubwereza mizere yake pa maikolofoni.

"Achemwali!" Chigayo anaimirira msanga mpaka mpando unagwa. Anamuyang'ana mnzakeyo. "Aise, tatipatsa mpata pang'ono."

Wamtaliyo potuluka anavula kapu. "Ndinu a m'nyimbo muja? Mayi, ulemu wanu. Mawu anu aja ndi moto." Sisi sanamuyang'ane n'komwe.

Chitseko chitatsekeka, Chigayo anadzutsa mpando n'kumupatsa. Sisi anakana ndi mutu.

"Ndakhala ndikukuimbirani," anatero Chigayo.

"Unandiimbira itatuluka. Isanatuluke foni yako inali yakufa?"

"Ndimafuna ikhale ngati mphatso."

"Mphatso." Sisi anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Tandionetsa."

"Chiyani?"

"Mmene unandidulira. Ndikufuna ndione."

Chigayo anazengereza, kenaka anagwira kompyuta. Pa galasipo panaoneka mizere yambiri yopingasa, uliwonse ndi mtundu wake. Analoza mzere wobiriwira wokhala ndi timiyulu tating'onoting'ono. "Awa ndi mawu anu. Koma taonani, achemwali, ndinachotsa zambiri. Za kuchipatala mulibe. Dzina la alamu mulibe. Chilichonse choti munthu angakudziwireni ndinadula."

"Nanga aka n'kachiyani?" Sisi analoza kachidutswa kamene kankabwerezedwa malo ambiri pamzerewo.

"Ndi pamene mumakoka mpweya."

"Pamene ndimalira."

"Eya."

"Unakakonda kwambiri eti? Wakaika paliponse."

Mnyamatayo anakhala pa tebulo, n'kupukuta kumaso ndi manja onse awiri. Atayamba kulankhula, mawu ankatuluka mothamanga. Anati uthenga uja sanathe kuufufuta. Anati ankaumvera akakhala yekha, chifukwa chibadwire anali asanamvepo mchemwali wake akulira, ngakhale pa maliro a mayi awo. Anati nyimbo zake zonse zakale zinali phokoso chabe, ndipo tsiku limene anaika mawu aja pa kugunda kuja, thupi lonse linachita tsembwe. "Ndi chinthu choona chokhacho chimene ndapangapo, achemwali. Amayi akundilembera. Wina akuti anaimitsa galimoto n'kulira. Mukuthandiza anthu."

"Ine ndinakupempha kuti ndithandize anthu? Ndinakupempha chinthu chimodzi. Chili m'nyimbo mwakomo, ukuchimva tsiku lililonse."

Chigayo anayang'ana pansi.

"Panopa ndikuyenda ndi mantha," anapitiriza Sisi. "Alamu ako akadzaimva ndidzawauza chiyani? Kuti ndinatenga za kuchipinda n'kukapatsa wailesi?"

Mnyamatayo anadzutsa mutu, nkhope ikuoneka yodabwa zenizeni. "Koma alamu anaimva kalekale."

"Ukuti chiyani?"

"Ndinawamvetsera isanatuluke. M'galimoto mwawo. Ndinati nkhaniyi ikuwakhudza, ndiye ndi bwino ndiwapemphe. Anaimvera kawiri. Anati ili bwino, ndipitirize. Anati inuyo akuuzani okha."

Sisi anagwira m'mphepete mwa tebulo. Tsopano anakhala pampando uja.

"Unapempha iwowo."

"Eya."

"Mawu anga, misozi yanga. Unakapempha munthu amene anandiliritsayo." Analankhula motsitsa kwambiri. "Ineyo unandidumpha chifukwa chiyani?"

Chigayo ananena zoona, chifukwa kwa Sisi sankatha kunama nthawi yaitali. "Ndimadziwa kuti mukana."

Sisi anaimirira. Pakhomo Chigayo anamugwira mkono. "Ndiichotsa, achemwali. Lero lomwe."

"Uichotsa m'kamwa mwa kondakitala?" Anachotsa dzanja lakelo pamkono pake, chala chimodzichimodzi, n'kutuluka.

Sanabwerere ku saluni. Anakwera minibasi yopita ku bwalo limene mwamuna wake ankaphunzitsirako. Linali bwalo lafumbi, lokhala ndi migolo ndi mitengo yozikidwa m'matayala, pomwe ophunzira ankayeserera kubwerera m'mbuyo. Galimoto yoyera inali kuyenda chafutambuyo pang'onopang'ono, ikugwedezeka, mwamuna wake akuyenda pambali pake, dzanja lili padenga. "Pindani! Pindani, mayi! Kwinako!" Mgolo unagwa. Atatembenuka kuti audzutse, anaona mkazi wake ataima padzuwa.

Anauza wophunzirayo kuti azimitse galimoto apume, n'kubwera akupukuta manja pa thalauza. "Kwagwanji? Wasiya saluni?"

"Ndachokera kwa mlamu wanu."

Mwamunayo anayang'ana kumbali, kumene kunali migolo. "Oho."

"Mwakhala mukudya nane, kugona nane, mukundiona ndikuwonda ndi mantha kuti mudzaimva. Inu munaimva kale. Kawiri."

"Ndimafuna ndikuuze, koma mpata umasowa."

"Mpata? Timagona bedi limodzi."

"Tamvera kaye. Ine ndimati ndi nyimbo chabe, ngati zinzake zija zimene palibe amazimvera. Komanso mwanayo wavutika nthawi yaitali. Ndikanakana akanati alamu ndi oipa mtima, akubisa zawo. Ndinati bola atukuke."

"Atukukire pamsana panga."

"Aaa, iwenso. M'nyimbomo muli dzina la munthu? Langa mulibe, lako mulibe."

"Lanu mulibedi," anatero Sisi. "Mawu anu mulibe. Mumadutsa mumsewu anthu osakudziwani. Ine ndikangoti takulandirani, munthu wadziwa kale kuti uyu ndi uja anasiyidwa."

Mwamunayo anakwiya pang'ono, mkwiyo wa munthu amene wapanikizidwa pakona. "Ndiye ndani anajambula? Ine ndinakutuma kuti uzilira pa foni? Tinagwirizana kuti nkhaniyi yatha. Ndinabwerera, si choncho? Ndinagwada. Ukufunanso chiyani?"

M'galimoto muja wophunzira anagunda hutala mwangozi, n'kukweza dzanja kupepesa. Sisi anamuyang'ana mwamuna wakeyo nthawi yaitali. Ankayembekezera kuti mtima uphulika, koma unangozizira. Anaona kuti bamboyo tsiku limene anamva kulira kwake m'galimoto, sikunamupweteke. Anamvetsera kuti aone ngati akutchulidwa, atapeza kuti sakutchulidwa, anati ili bwino.

"Pitani, akukudikirani," anatero.

Sanachoke tsiku lomwelo, ndipo panalibe kukuwa kapena kuswa mbale. Anakhalabe m'nyumbamo mpaka mwezi unatha, akuphika, akuchapa, akuyankha zimene wafunsidwa. Kenaka anapeza chipinda kwa azakhali a Wazikhadabo, n'kusamutsa zovala zake pang'onopang'ono m'zikwama za ku saluni. Mwamunayo anabwera kangapo, poyamba kudzakalipa, kenaka kudzachonderera. Anatumanso amalume ake. Sisi anawalandira mwaulemu, anawamvetsera mpaka anamaliza, n'kuwaperekeza pamsewu.

Chigayo anachitadi zimene analonjeza. Anachotsa nyimboyo pa intaneti, n'kutulutsa ina yofanana nayo, mawu a Sisi atalowedwa m'malo ndi a mtsikana wina woimba bwino. Palibe anaifuna. Mawailesi anapitiriza kuika yakale ija, ndipo anthu anali nayo kale m'mafoni. Ataitanidwa kukaimba pa chionetsero chachikulu cha oimba atsopano, anaika yatsopanoyo. Wazikhadabo, amene anapitako ndi chibwenzi chake, anadzafotokoza kuti kugunda kutangoyamba, anthu onse anakuwa okha mawu akale aja, kumukwirira mtsikanayo. Anati Chigayo anaima kuseri kwa makina ake, mutu uli pansi, mpaka nyimbo inatha.

"Amaoneka ngati akulira," anatero Wazikhadabo.

"Mwina amamvera ngati zikumveka bwino," anayankha Sisi, n'kupitiriza kupesa wigi.

Makasitomala ena anasiya kubwera chifukwa cha manyazi awo omwe, posadziwa poyang'ana. Ena atsopano ankabwera kudzangomumva akulankhula. Mtsikana wina anafika pomupempha kuti anene mawu aja ajambule pa foni. Tsiku limenelo Sisi anaganiza zosamutsa saluni. Anapeza chipinda cham'mwamba mbali ina ya tauni, pamwamba pa sitolo ya nsalu, kumene masitepe ake anali opapatiza ndi okhota.

M'mawa wa tsiku losamuka, galimoto yonyamula katundu itafika, anapeza Chigayo ataima pakhomo pa saluni. Palibe anamuitana. Anali ataonda, ndevu zosameta. Anapereka moni, Sisi anayankha monga amayankhira munthu aliyense. Mnyamatayo sanadikire kuuzidwa. Ananyamula mipando, mabeseni, makatoni a mafuta, n'kukwera kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi katunduyo.

Kumalo atsopanoko woyendetsa galimoto anakana kukweza zinthu pamasitepe, akuti msana. Zing'onozing'ono anakweza Wazikhadabo. Panatsala kabati yaitali yosungiramo mawigi, imene munthu mmodzi sakanaitha. Chigayo anagwira kumunsi, Sisi anagwira kumtunda, n'kuyamba kukwera, Sisi chafutambuyo. Pokhota kabatiyo inakanirira kukhoma. Anaima pamenepo onse awiri akupuma mwawefuwefu, nkhope zawo zitayandikana koyamba chichokereni ku situdiyo kuja.

"Achemwali," anatero Chigayo. "Ndikupanga chimbale. Ndikufuna chisanamveke kwina kulikonse, muyambe mwamva inuyo. Mukakana nyimbo iliyonse, sindiitulutsa."

"Tulutsa zimene ukufuna. Si zanga."

"Ndiye mudzandikhululukira liti?"

Sisi anayang'ana pamene kabati inagwira khoma. Penti inali itayamba kukalika.

"Sindikudziwa," anatero. "Tatsitsa pang'ono mbali yakoyo, tiwonongera eni ake khoma."

Chigayo anatsitsa, kabati inamasuka, ndipo anapitiriza kukwera.